Manda a Mayi a Levison

"Adzukulu akana, achimwene," anatero Anastazia. "Akuti mukumbe ndi anzanu achipani."

Levison anapitiriza kukumba yekha manda a mayi awo, ntchito yomwe mwana sagwira. Kuyambira pomwe aphungu anachotsa pulezidenti wake pampando, iye sanapondenso pamaliro a aliyense amene anakondwera nazo. Ankati salira anthu ogulitsa dziko. Anthu a ku Mphunzi ankangomuyang'ana.

Anaimbira tcheyamani wachipani kasanu. Masana ndiye anayankha.

"Pepani a Levison, tonse tili ku Lilongwe. Bwana agwirizana ndi aphungu aja, lero tikudyera limodzi."

Levison anapukuta thukuta ndi malaya achipani omwe anavala. Dzenje linali lisanafike m'mawondo.