Chingwe cha buluu chimene Laban anadula

Panali munthu wina wa ku Yofu, pachilumba cha Likoma, dzina lake Laban. Amene anandiuza nkhaniyi akuti inachitikadi, cha m'ma 2006.

Laban anali msodzi wa usipa, koma ankasamaliranso ofesi ya kabungwe kena kothandiza odwala maso ku Chipyela. Panja pa ofesiyo panali dishi ya intaneti, ndipo kuchokera pa kabokosi kake, chingwe cha buluu chinkadutsa kudenga kukalowa m'kompyuta. Anachiika ndi Hector, katswiri wa ku Mzuzu. Chingwecho chinatalikitsa, choncho chotsalacho anachikulunga n'kuchisiya kudenga komweko.

"Ichi si chingwe cha wailesi, bambo Laban," anatero Hector. "Musadule, musalumikize. Chikavuta mundiitane."

Laban anagwedeza mutu, koma mawuwo analowera khutu ili n'kutulukira linalo. Munthuyu anali waluso, ndipo luso lomwelo ndi limene linamupusitsa. Wailesi iliyonse yakufa ku Yofu inkadzukira m'manja mwake. Ataona kuti zingwe zakhonje zomangira nyali pabwato lake zikungowola ndi madzi, anakumbukira chingwe cha kudenga chija. Anakwera, nadulako mikono ingapo, n'kupotanitsa timawaya ta m'kati, kobiriwira kwa kobiriwira, kabuluu kwa kabuluu. Pamwamba anakulungapo mphira ya chubu cha njinga. Anatsika akudzitama mumtima.

Pa nthawi imeneyo mkazi wake Esitere anali akudwala maso. Ankaona ngati m'chifunga, mutu ukumuwawa. Mayi Cecilia, oyang'anira ofesiyo, anamujambula maso pamodzi ndi odwala ena, chifukwa kumtunda, kutsidya la nyanja, kunabwera madokotala akunja kwa kanthawi kochepa. Madokotalawo anati awatumizire zithunzi pa intaneti kuti asankhe ofunika opaleshoni mwamsanga. Ananeneratu kuti matenda ngati a Esitere sadikira munthu.

Apa ndi pamene vuto linayamba. M'mawa magetsi akabwera, kompyuta inkayaka bwinobwino, kanyali kobiriwira kumbuyo kwake kakuphethira. Koma dzuwa likangotenthetsa malata, chithunzi chili pakati kupita, kanyali kaja thi! Mayi Cecilia ankazimitsa kompyuta n'kuyatsanso. Ankazula chingwe, kuchiuzira, kuchilowetsanso. Palibe. Mawa lake chimodzimodzi. Masiku anapita akuyembekeza kuti mwina lero zitheka, mpaka anaitana Hector.

Hector anabwera pasitima. Atamva kuti intaneti imayamba bwino n'kufa kukatentha, anatembenukira kwa Laban.

"Alipo amene anagwira chingwe kudenga?"

Esitere anali pabenchi pakhonde, atavala chitenje chake cha kutchalitchi, kudikira kumva za zithunzi zake. Laban anamuyang'ana, nayang'ananso Mayi Cecilia, naganizira za ntchito yake ndi manyazi.

"Palibe. Ndinakwerako dzulo lomweli, chili bwinobwino."

Hector anamukhulupirira, poti ndani angakayikire munthu amene mkazi wake ali pamzere womwewo? Anasintha timitu ta chingwe mbali zonse ziwiri. Anatsegula kompyuta, nasintha kachipangizo kolandira chingwecho. Anafufuta mapulogalamu onse n'kuikamo mwatsopano. Zonsezo kunali kutunga madzi ndi dengu. M'chikwama chake munali chingwe chatsopano chathunthu, ndipo Laban anachiona ndi maso ake. Mumtima ankati mlendoyu akachoka, akwera yekha akalumikize bwino, nkhani ithe osadziwika.

Koma Hector anagamula kuti cholakwika ndi kabokosi ka dishi. Anakamasula kuti akakayeze ku Mzuzu, natenganso zithunzi zija pa chimbale cha sidi kuti akazitumizire komweko. Laban anakweradi kudenga tsiku lomwelo, nalumikizanso mosamala kwambiri, koma chingwecho chinalibenso poti n'kulowa. Kuwonjezera tsoka, mwera unawomba, sitima inachedwa kunyamuka. Pamene Hector ankafika kumtunda, madokotala anali atamaliza kusankha, ndipo posakhalitsa anabwerera kwawo.

Ku Mzuzu kabokosi kanapezeka kuti kalibe vuto. Hector atabweranso sanafunsenso munthu. Anakwera yekha kudenga, napeza mphira ija itamangidwa mfundo ya msodzi. Anatsitsa chingwe chonsecho, nachikulunga, n'kumupatsa Laban m'manja.

"Tengani. Munachifuna kwambiri."

Chingwe chatsopano chitaikidwa, intaneti inagwira tsiku lonse osaphethira. Ntchito ya Laban inatha, koma imeneyo inali nkhani yaing'ono. Mvula isanagwe, maso a Esitere anazimiratu. Laban atapita naye kuchipatala kumtunda, madokotala anawauza kuti achedwa. Mayi Cecilia analibe mtima womuuza Esitere chimene chinachitika, ndipo Laban mpaka lero pakamwa pake n'polemera. Analeka kukonza mawailesi. Chisoni chinamudya mpaka malaya onse anamukulira.

Esitere ankagwa pamiyala ya pabwalo, moti mawondo anali zilonda zokhazokha. Laban anasowa chomuthandizira. Chingwe cholimba pakhomopo, chosawola ndi mvula, chinali chimodzi chokha, cha buluu chija. Anachimanga kuchokera pachitseko kukafika kukhitchini, kuchokera kukhitchini kukafika kuchimbudzi, kuti mkaziyo azigwira poyenda.

Esitere anachisisita ndi zala, nayenda nacho mpaka kumapeto osagwa, ndipo anamwetulira koyamba chidwalire.

"Koma inu amuna anga mumandiganizira," anatero. "Chingwe chosalala chonchi, chosalasa m'manja, mwachipeza kuti?"

Laban anakhala pansi pafumbi, misozi ikuyenderera, akuyamika kuti mkaziyo sakumuona.

Phunziro: Ukawononga chinthu ulule msanga wokonza akadali pomwepo, chifukwa bodza lobisa manyazi ako limakagwera amene umamukonda. Samva anamva nkhwangwa ili m'mutu. Musaisunge nokha nkhaniyi, itumizeni kwa abale ndi anzanu, makamaka aja amati palibe chimene sangakonze.