Odi wa Chiuli

Padangokhala Chiuli, amene mtima unkamuwawa chifukwa Njuchi za mumphako ya mlambe zinkadya uchi wawo osagulitsako kwa wina aliyense.

Tsiku lina anafika pa mlambepo atanyamula chikuni chofuka.

"Odi kuno," anatero. "Ndabwera ndi malonda. Kutsekera mlendo pakhomo ndi umbuli, amayi."

Mfumukazi ya Njuchi inayankha ili m'kati: "Zikomo bambo, koma palibe chimene tikusowa. Mwatenga chiyani?"

"Utsi. Umachotsa kutopa."

"Sitikuufuna."

"Ndiye kuti mwanyoza odi wanga," anatero Chiuli.

Anakanda khomo lija ndi zikhadabo mpaka linakula ngati la khola, nafukizira utsi m'kati. Njuchi zinaledzera n'kugwa pansi, iye n'kufula zisa zonse, n'kudya uchi ndi ana a Njuchi omwe. Kenako anauza nyama zonse kuti watsegula msika, ndipo Njuchi zimuthokoze poti tsopano dzuwa likulowa m'nyumba mwawo.

M'mawa mwake anabweranso ndi chikuni china, osanenanso odi. Mfumukazi, ili pakati pa mitembo ya ana ake, inamufunsa: "Ngati awa ndi malonda, bambo, kuba kwanu kumakhala kotani?"