Injiniya wa ku Gaborone Amene Anaikidwa ku Kaphuka

Panali munthu wina ku Kaphuka, m'boma la Dedza, dzina lake a Bonifasio Alufeo. Nkhaniyi ndi yoona, amene anali pamaliro awo akhoza kuikira umboni.

A Alufeo anamaliza maphunziro a ku yunivesite kalekale. Anagwirako ntchito ku Lilongwe, kampani inatsekedwa, ndipo anadzakhala pachikamwini kwa akazi awo, mayi Marita. Ankalima mbatata ya kachewere n'kumakagulitsa pamsika wa pa Mayani. Mwana wawo anali mmodzi, Themba, amene sukulu analekeza Fomu 2 n'kulowa m'munda.

Chaka china anzawo a ku yunivesite anatsegula gulu pa WhatsApp. Woyang'anira gululo, mayi Mervis, anati aliyense anene kumene ali ndi zimene akuchita. Wina anati ndi woweruza milandu. Wina anatumiza chithunzi cha nyumba yosanja. A Benedict, amene ankagona nawo chipinda chimodzi kusukuluko, anati ndi dokotala wa matenda a impso ku Lilongwe.

A Alufeo anakhala pathumba la mbatata, nalemba kuti iwo ndi injiniya ku Gaborone, m'dziko la Botswana, ndipo mwana wawo Themba ndi dokotala ku Canada. Kwa akazi awo anangoululako za Gaborone zokha, akuseka.

Mayi Marita sanaseke. "Abambo ake a Themba, auzeni zoona anzanuwo. Kulima mbatata si umbava."

"Simuwadziwa anthu amenewa, mayi. Ndinkawaposa onse m'kalasi. Ndinene kuti ndine mkamwini?"

Bodzalo linakhala zaka. Kukazizira ku Dedza, iwo ankalemba kuti ku Gaborone kwatentha.

Kenako miyendo yawo inayamba kutupa. Kuchipatala chaching'ono anati ndi impso, pakufunika dokotala wodziwa za matendawo, koma mzere wa odikira ndi wautali. Mayi Marita anawachonderera kuti aimbire a Benedict. A Alufeo anakana mpaka pakamwa panalema.

Themba anatenga foni ya bambo ake, napeza gulu lija, najambula mawu: "Makolo anga, ndine Themba, mwana wa a Alufeo. Bambo akudwala kwambiri kuno ku Kaphuka. Chonde a Dokotala Benedict, tithandizeni."

Mayi Mervis anayankha msanga: "Anzanga chenjerani, foni ya Bonifasio yabedwa. Themba ndi dokotala ku Canada, angapemphe dokotala kwa ife?" Ena anatumiza tinkhope toseka. Kenako anamuchotsa pagulu.

Themba anasokonezeka mutu. "Amayi, kodi bambo ali ndi Themba wina?"

"Themba wina uti?"

"Wa ku Canada."

"Ku Canada n'kuti?"

Themba anaimbira a Benedict mwachindunji. "Bwana, sindikupempha ndalama. Ndikupempha kuti muwaone basi. Tibwera nawo tokha."

"Mbava zonse zimayamba choncho," anatero a Benedict, nadula foni. Ataimbanso, sinalowenso.

A Alufeo anamwalira tsiku lokaonana ndi dokotala lisanafike.

Uthenga wa maliro unamveka pa wailesi, ndipo anzawo aja anaumva. Tsiku loika anafika pa magalimoto onyezimira, atanyamula nkhata yaikulu yolembedwa kuti Injiniya. Anapatsidwa mipando ya kutsogolo, akuluakulu a mpingo n'kukhala pamphasa.

Itakwana nthawi ya mbiri ya malemu, mayi Mervis anapempha kulankhula. Anawerenga pafoni kuti malemu anamanga misewu ku Botswana, kuti anali ndi nyumba ku Gaborone, ndiponso kuti asiya mwana amene akuchiritsa azungu ku Canada. Anathokozanso abale chifukwa chobweretsa thupi kuchokera kutali chotero.

Anthu anayamba kuyang'anana. Amayi a kwaya analeka kulira. Bambo wina anafunsa mokweza, "Kodi alendowa sanasochere maliro? Pajatu ku Kabwazi aliponso ena lero." Alongo a malemu anayamba kulondalonda mayi Marita ndi mafunso, kuti nyumba ya ku Gaboroneyo ankaibisiranji. Ena ankanong'ona kuti ndiye kuti kunali mkazi wachiwiri.

A Benedict anakodola mnyamata amene ankanyamula mabenchi, matope a kumanda ali m'miyendo. "Iwe, kodi a Dokotala Themba afika? Tikufuna tiwapepese."

"Themba ndine. Mbava ija."

A Benedict anawazindikira mawuwo. Anavula magalasi, nawavalanso. "Nanga bwanji sunafotokoze bwino?"

"Ndifotokoze bwino chiyani, bwana? Bambo anakunamizani zaka zonsezi, munakhulupirira, ndipo palibe mmodzi anafuna kuwaona ndi maso. Ine ndinanena zoona kamodzi kokha, munandichotsa. Lero msewu wa ku Kaphuka mwaudziwa bwanji?"

Mayi Mervis ankangoyang'ana pafoni, ngati mmenemo mutuluka Bonifasio wina.

Apo mayi Marita anadzuka pakati pa anamfedwa, nanyamula nkhata ija, naibweza m'manja mwa a Benedict. "Iyi mukaike ku Gaborone," anatero. "Pano tikuika mlimi wa mbatata, bambo wake wa mwana uyu."

Alendowo ananyamuka manda asanakwiriridwe.

Phunziro: Bodza limene ukunamiza anzako lero lidzatseka chitseko pamene mwana wako akugogoda. Ndipo inu ophunzira, amene mumadziwa mnzanu pafoni pokha: munthu akalira kuti mnzanu akudwala, pitani mukaone, musadikire wailesi. Nkhata sichiza impso. Tumizani nkhaniyi ku magulu onse a anzanu a kusukulu, makamaka kwa amene amachotsa anthu pagulu.