Khofi wa Malemu Bambo

"Lero ndi tsiku lachitatu ukuuwerengera buku mtengowo," anatero mayi ake a Mackson. "Wamva ndithu. Tsopano dula."

Mackson anaseka n'kutenga sowo. Khofi wa malemu bambo ake ku Misuku anali atakalamba n'kusiya kubereka. Kukoleji ya zaulimi, komwe analekezera panjira maliro atachitika, anaphunzira kuti mtengo wotere umadulidwa cha m'bondo, mopendeketsa, kuti uphukirenso. Mayeso anakhoza bwino, koma anali asanadulepo ngakhale umodzi.

"Nanga ukauma, amama? Bambo anaubzala ndi manja awo."

"Ukauma tiwotha moto. Panopa tikugulitsa masamba kodi?"

Mackson anagwada n'kuyamba kucheka. Mtengo utagwa, anapala ndere patsinde kuti aone ngati wadula bwino. M'munsi pang'ono mwa pomwe anacheka munali chipsera chakale, chopendekera chimodzimodzi.

"Amama, mtengowu unadulidwapo kale?"

"Chaka cha riferendamu, iwe uli kumbuyo kwangaku. Bambo ako anamaliza munda wonsewu tsiku limodzi." Anamulozera mtengo wachiwiri. "Kaya mwina n'chifukwa choti sankadziwa kuwerenga."