Dzimbiri Loyera Pansi pa Thanki

Panali bambo wina, ndipo izi zinachitikadi, wandiuza ndi mayi amene anali pamaliro pomwepo. Bamboyu anali ndi boti la injini lowolotsa anthu ndi katundu. Anthu ankangowatchula kuti a Ndikudziwa, chifukwa usanamalize kulankhula iwo ayankha kale, "Ndikudziwa zimenezo." Woyendetsa botilo anali mlamu wawo, mchimwene wa akazi awo, munthu wofatsa wosadziwa kukangana.

A Ndikudziwa atatopa ndi zigubu za petulo zogubuduka m'boti, anakagula thanki ya aluminiyamu yonyezimira ngati poto watsopano. Anaitana mmisiri wowotcherera zitsulo kuti adzaiike pansi pa matabwa opondapo.

Mmisiri atayeza anati, "Bwana, thanki iyi isagunde pansi. Ndiimatira timizere ta pulasitiki yolimba kunsi kwake, pakhale mpata wa zala ziwiri kuti mpweya uzidutsa, madzi asamakhazikike. Pamwamba tisiye kachitseko koti muzisuzumirapo. Mundipatse masiku atatu."

"Masiku atatu? Ukumanga nyumba? Aluminiyamu sachita dzimbiri, ndikudziwa zimenezo."

"Amachita, bwana, kungoti lake..."

"Iwe, longedza zitsulo zakozo uzipita."

Tsiku lomwelo a Ndikudziwa anakatenga matiresi akale kunyumba, aja ana anawakodzera mpaka kusintha mtundu. Anadula siponji n'kuiyala pansi, ina n'kupanikiza m'mbali kuti thanki isamagwedezeke, kenako anakhomera matabwa pamwamba, osasiya ndi kampata komwe.

"Mwaona? Maola awiri basi. Yagona pamatiresi ngati mkwatibwi!"

Anthu anaseka. Komatu abale, siponji mukuidziwa inu: imamwa madzi koma siiwalavula. Mvula ikagwa, mafunde akalowa, zonse zinkathera mmenemo. Thanki ija inkangokhala yonyowa kunsi, osauma ngakhale tsiku limodzi.

Patapita chaka ndi miyezi, akazi awo akusesa m'boti anaona zoyera ngati ufa pomwe paipi ya petulo imatulukira.

"Abambo, ufa uwu ukuchokera kuti? Si dzimbiri limeneli?"

"Dzimbiri loyera munaliona kuti inu? Dzimbiri ndi lofiira. Uwo ndi ufa wotayika m'matumba a anthu. Sesani."

Mayi anasesa.

Sipanapite nthawi, mlamu uja anawapeza pokwerera boti. "Alamu, petulo akutha msanga masiku ano, komanso m'botimu mukununkha. Bwanji tizule matabwa tione?"

A Ndikudziwa anaganiza msanga. Kuzula matabwa anthu akuona, ndiye kuti mmisiri uja ankanena zoona, ndipo nkhani ya matiresi ikhala yosekedwa mpaka kale. Anamuyang'ana mlamuyo kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Mukununkha chifukwa mumapopa ndi kapaipi n'kukagulitsa. Mukuyesa sindikudziwa?"

"Ine, alamu?"

"Tsegulani chikwamacho!"

Anamusecha pomwepo, amayi a malonda ndi onyamula katundu onse akuonerera. M'chikwama munapezeka thaulo, sipanala ndi kontena ya chakudya. Koma dzina linali litamata kale. Kuyambira tsikulo akamadutsa, anthu ankati, "A Popani, lero mwatisungira malita angati?" Mkazi wake anasiya kupita kumsika chifukwa cha manyazi. Mlamuyo ntchito sanasiye. Anali ndi ana anayi, akanapita kuti?

M'mawa wina, anthu asanayambe kukwera, injini inakana kulira. Mlamu anagwada kuti amange waya wa batire umene unali utakhwefuka. Waya unathetheka pang'ono chabe. Phuu! Matabwa anauluka, moto n'kudzaza boti lonse. Anthu anangoona munthu akuyaka akudziponya m'madzi.

Kuchipatala anakhalako masiku atatu. Mchemwali wake, akazi a Ndikudziwa aja, sanachoke pabedi. Tsiku lachitatu anawerama kuti amve zomwe ankanong'ona.

"Achemwali, mukawauze alamu. Ine sindinabe ngakhale dontho."

Atangotero anamwalira.

Achibale anaitana mmisiri yemwe uja kuti atulutse thanki m'chigoba cha boti. Ataigudubuza, anthu anagwira pakamwa. Kunsi konse kunali timabowo ngati sefa, koyera mbuu. Petulo ankadontha mmenemo miyezi yonseyo, siponji n'kumamwa, mpweya wake n'kumadzaza pansi pa matabwa.

"Ndi limeneli ndinkafuna kukuuzani, bwana," anatero mmisiri. "Dzimbiri la aluminiyamu ndi loyera."



Pamaliro, bokosi lisananyamulidwe, akazi a Ndikudziwa anaimirira. Sanalire ayi.

"Abambo, mchimwene wangayu munamutcha wakuba pagulu. Gulu ndi ili. Imirirani mumuyeretse asanapite."

A Ndikudziwa anaimirira. "Alamu anga sanabe," anatero. "Ndine amene..." Mawu anathera pomwepo.

"Kwezani mawu. Ana ake ali kumbuyoko, sanamve."

Anabwereza, anawo akuwayang'ana.

Maliro atatha, akazi awo aja sanabwererenso kunyumba. Anatuma anthu kukatenga zovala ndi ana, ndipo mpaka lero akukhala ndi wamasiye uja, akulera ana asanu ndi awiri m'nyumba ya zipinda ziwiri.

Phunziro: Mmisiri akamalankhula, musiyeni amalize. Thanki ya mafuta musaigoneke pa siponji, nsalu kapena matabwa onyowa. Kunsi kuzidutsa mpweya, ndipo siyani poti muzisuzumirapo. Mukaona zoyera ngati ufa kapena mukamva fungo la petulo, musalize injini, zulani matabwa kaye. Ndipo musathamangire kumutcha mnzanu wakuba pofuna kubisa manyazi anu. Tumizani uthengawu kwa onse a maboti ndi kwa a Ndikudziwa a kwanuko, mwina mupulumutsa mlamu wa wina.