Thalauza la Zikhatho Zisanu

"Sisi, thalauzali lathera kuti?" anafunsa mkwati, akakolo ali pamtunda.

Mtsikanayo thukuta linangoti kamukamu. Bambo ake, eni shopu yosokayo, anali m'chipatala sabata yachiwiri. Iwo tepi sagwira, amayeza ndi dzanja, ndiye m'kope analemba "mwendo, zikhatho zisanu". Iyenso anayeza zisanu, koma ndi kadzanja kake, pomwe la bambo ndi fosholo. Ukwati mawa, nsalu yatha.

"Ndi latest imeneyo, bro," anatero mtsikanayo.

Mkwati anazungulira pagalasi, n'kujambula selfie. "Eish, ili bho heavy!"

Pofika masana, operekeza ukwati six anali pamzere, akufuna lomwelo.

Bambo atachira n'kubwerera pamakina, kasitomala woyamba anakumbatira nsalu yake.

"Mwachira, madala? Tathokoza. Koma andiyeze sisiyu."