Diresi la Mkwatibwi pa Intaneti Yaulere

Panali mayi wina wosoka zovala, waluso koma wamakani. Tsiku lina pashopu pake panafika bambo wa kampani yatsopano atanyamula makhadi a foni.

"Intaneti yaulere, mayi. Mwezi uliwonse timakupatsani osalipira. Amalipira ndi okhawo ofuna yothamanga kwambiri."

Mayiyo atalowetsa khadilo, pafoni panatuluka chikalata chachitali cha mgwirizano. Mwamuna wake anati, "Akazi anga, werengani kaye."

"Ndiwerenge nthawi yanji, nsalu zili mbwee? Inu chilichonse mantha!" Anangodina pamene panalembedwa kuti "Ndavomera".

Mwezi womwewo ankasoka diresi la mkwatibwi wina, amene anamuchonderera kuti munthu asalione tsiku la ukwati lisanafike. Poyeza, mayiyo anamujambula ndi foni ija kuti aone bwino pofunika kukonza. Patangopita masiku awiri, chithunzicho chinali m'mafoni a anthu onse amene mayiyo anali ndi manambala awo, pansi pake pali uthenga woitanira anthu ku intaneti yaulere.

Mkwatibwi anabwera maso ali psuu. "Mwandiyalutsa, mayi! Mkwati waliona, apongozi aliona!"

Mayiyo anatseka shopu, ulendo ku ofesi ya kampaniyo. Anadutsa mzere wa anthu odikira makhadi mpaka pa tebulo la kalaliki.

"Wakulolani ndani kufalitsa chithunzi cha kasitomala wanga?"

"Inu nomwe, mayi," anatero kalaliki osadzutsa n'komwe mutu. "Munavomera kuti tizisatsira malonda zithunzi ndi manambala anu. Mukalowa gulu lolipira, tisiya."

"Ndiye ndigule ulemu wanga womwe? Mwalemba m'madzi!"

Anazula khadilo, n'kusolola sizasi m'chikwama, n'kulidula pakati, khee, zidutswa n'kumuponyera patebulo. Kenako anatembenukira mzere uja.

"Abale, mukudikira chiyani? Muno katundu wogulitsidwa ndi inuyo!"

Mlonda atayandikira, mayiyo anati, "Musandikhudze, miyendo ndili nayo." Anatuluka mutu uli m'mwamba, theka la mzere likumutsatira.

Koma mkwatibwi uja sanabwerenso. Diresi lina anakasoketsa kwina, ndipo anzake onse anamutsatira komweko.

Phunziro: Safunsa adadya phula. Musanadine "Ndavomera", werengani ndipo funsani kuti chaulerecho akulipira ndani, chifukwa kulimba mtima pambuyo sikubweza chimene chatayika. Tumizirani abale ndi anzanu, chala chawo chisawapereke.